Kosi ya CS50 kwa wofuna ntchito yolemba mapulogalamu ali ku Blantyre

Achinyamata amene angolemba mayeso a MSCE, ngakhalenso anthu ena amene ali kale pa ntchito m'maofesi a m'tauni muno, akamva kuti ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, funso lawo limakhala limodzi, lakuti munthu amayambira pati. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuwalozera ku kosi ya pa intaneti yotchedwa CS50x, imene inenso ndinaichita, ndipo ndaona ena mwa iwo akuimaliza pamene ena anaisiyira panjira. Popeza kulozera munthu njira n'kosavuta pamene woyendayo ndi wina, ndaganiza zolemba mwatsatanetsatane zimene kosiyi imapereka, zimene siipereka, ndiponso zimene imadya m'thumba mwa munthu wokhala ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, ngakhale kuti eni ake amaitcha yaulere.

CS50 ndi phunziro loyambira sayansi ya makompyuta pa yunivesite ya Harvard ku America. Mphunzitsi wake wamkulu ndi David Malan, amene wakhala akuliphunzitsa kuyambira mu 2007, ndipo mu 2012 phunziroli linaikidwa pa intaneti kudzera pa edX, tsamba la maphunziro a pa intaneti, ndi dzina la CS50x, kuti aliyense padziko lapansi alichite osalipira. Palibe mayeso olowera, palibe wofunsa mapointi amene munakhoza, ndipo palibe wokuthamangitsani sabata ndi sabata. Mumangotsegula akaunti ya edX ndi ya GitHub, tsamba losungirapo mapulogalamu amene munthu walemba, basi mwalowa m'kalasi. Maphunzirowa amajambulidwa mwatsopano chaka chilichonse, kawirikawiri mu holo ya Sanders Theatre, kotero zimene mukuonera pa laputopu yanu ndi zomwezo zimene ophunzira a pa Harvard anamva atakhala pa mipando. Kosi yonse inagawidwa m'masabata, kuyambira sabata 0 mpaka sabata 10, ndipo sabata iliyonse ili ndi vidiyo yaitali ya pafupifupi maola awiri, timavidiyo tifupitifupi tofotokozera mfundo zovuta, zolemba zachidule, ndi ntchito zoti wophunzira achite yekha.

Phunziro loyamba limasonyeza kale mtima wa kosi yonse. Malan amanyamula buku lalikulu la manambala a foni n'kufunsa mmene munthu angapezere dzina limodzi m'menemo. Kuvundukula tsamba ndi tsamba kumafikitsa ndithu, koma ngati bukulo lili ndi masamba 1,000, munthu angavundukule kokwana 1,000 asanalipeze dzinalo. Iye amatsegula pakati, n'kuona mbali imene dzinalo lili, n'kung'amba theka losafunikalo n'kulitaya pansi, kenaka n'kuchitanso chimodzimodzi ndi theka lotsalalo, ndipo akamang'amba ka 10 amakhala atatsala ndi tsamba limodzi. Bukulo litakula kuwirikiza kawiri, ntchito yake ingangowonjezereka ndi kung'amba kumodzi kokha. Apa wophunzira amakhala atamva, asanalembe mzere ndi umodzi womwe wa code, malamulo amene timalembera kompyuta, kuti njira ziwiri zikhoza kupereka yankho lofanana koma ina n'kukhala yowononga nthawi koopsa, ndipo kusiyanitsa njira zoterezi ndiye phata la ntchito yathu. Ntchito ya sabatayi imachitidwa ndi Scratch, pulogalamu ya ana yochokera ku yunivesite ya MIT, momwe munthu amalumikiza timabokosi tamitundumitundu m'malo molemba. Akuluakulu ena amaiona ngati yachibwana, koma imatha msanga ndipo sindiona chifukwa choidumphira.

Kuyambira sabata 1 mpaka sabata 5 ndi pamene pali mtunda weniweni, ndipo ndi pamene ndimaipatsa ulemu kosiyi. Masabata onsewa amaphunzitsidwa m'chilankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Masukulu ambiri ang'onoang'ono a makompyuta amene ali m'tauni muno amayambira pa HTML, chilankhulo chopangira masamba a pa intaneti, moti tsiku loyamba lomwelo mwana amapanga tsamba lokongola lokhala ndi dzina lake, n'kupita kunyumba akudziona ngati wafika. CS50 inasankha njira yowawa. Chilankhulo cha C sichibisira munthu kanthu: ukafuna malo osungira mawu mu memory ya kompyuta uyenera kuwapempha wekha ndi malloc, ukamaliza uyenera kuwabweza wekha ndi free, ndipo ukaloza pamalo amene si ako pulogalamu imangofa osapereka chifukwa chomveka. Wophunzira amakakamizika kudziwa kuti mawu amene akuoneka pa sikirini ndi mndandanda wa zilembo zosungidwa motsatizana, kuti chilembo chilichonse ndi nambala, ndiponso kuti pointer ndi adiresi chabe ya malo ena mu memory. Munthu amene wadutsa pamenepa, akadzafika pa Python kapena JavaScript, amadziwa zimene zikuchitika kuseri pamene chilankhulocho chikumugwirira ntchito zolemetsazi.

Mnyamata wina wa ku Chilomoni amene ndinkamuyang'anira ananditumizira chithunzi cha sikirini yake pa WhatsApp usiku, ndi mawu akuti: "Achimwene, yangolemba kuti segmentation fault, palibenso china chimene yanena." Ndinamuuza kuti ayendetse valgrind, chida chimene kosiyo imaphunzitsa, chofufuza pamene pulogalamu yagwira memory molakwika. Chidacho chinaloza mzere umodzi, pamene iye analemba chizindikiro cha <= m'malo mwa <, kotero pulogalamu yake inkawerenga malo amodzi kupitirira pamene mndandanda unathera. Kachizindikiro kamodzi kameneko kanamudyera madzulo onse. Ndikutchula nkhaniyi chifukwa ntchito yolemba mapulogalamu imaoneka chonchi masiku ambiri: nthawi yochuluka imathera pa kufufuza chimene chalakwika, ndipo yolemba zatsopano imakhala yochepa. Kosi imene imamuonetsa munthu zimenezi mwezi woyamba ikumuchitira chilungamo, chifukwa amadziwiratu ngati mtima wake ungapirire ntchito yotereyi asanawononge ndalama za makolo.

Ntchito zochita zinakonzedwa mwaluso, ndipo m'masabata ena muli ziwiri zoti musankhepo, ina ya amene akuyamba kumene ndi ina ya amene akuona kuti akutha. Pali ina yotchedwa Recover, momwe mumapatsidwa fayilo yokopedwa ku memory card imene zithunzi zake zinafufutidwa, ndipo ntchito yanu ndi kulemba pulogalamu yowerenga fayiloyo m'zigawo za mabayiti 512, kuzindikira pamene chithunzi cha JPEG chikuyambira, ndi kubwezeretsa zithunzi zonse 50. Pulogalamuyo ikayenda, zithunzi zimene zinali zitatayika n'kuyamba kutuluka chimodzichimodzi, wophunzira amamva kwa nthawi yoyamba kuti wagwira ntchito yeniyeni. Palinso Speller, momwe mumalowetsa mawu 143,091 a mu dikishonale mu hash table, njira yosanjira mawu kuti azipezeka msanga, kuti pulogalamu ipeze mawu olembedwa molakwika mwaliwiro, ndipo apa ndi pamene phunziro la buku la manambala lija limabwerera ndi mphamvu, popeza pulogalamu yolondola koma yochedwa imaonekera poyera pa masekondi amene yatenga.

Ntchito za sabata 3 zimakhudza zisankho, ndipo kwa Mmalawi zimakoma mwapadera. Yoyamba, Plurality, ndi yowerenga mavoti m'njira yakuti amene wapeza ambiri ndiye wapambana, ngakhale asanafike theka. Yachiwiri, Runoff, imafuna kuti wopambana apose theka la mavoti, ndipo ngati palibe wafikapo, wotsalira kwambiri amachotsedwa n'kuwerenganso potsatira mmene ovota anasanjira maina. Aliyense amene anatsatira chigamulo cha khoti la malamulo oyendetsera dziko cha pa 3 February 2020, chimene chinafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndi kumasulira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, amamva msanga kusiyana kwa njira ziwirizi, ngakhale kuti kwathu kuno lamulo limati anthu akavotenso kachiwiri, osati kusanja maina pa pepala limodzi. Yachitatu, Tideman, ndi yosankha mwakufuna kwanu ndipo imadziwika kuti ndi imodzi mwa zovuta kwambiri mu kosi yonse. Woyamba kumene ndimamulangiza kuti aidutse kaye, adzaibwerere akamaliza zina.

Chofooka chimodzi chimene chimaonekera mu ntchitozi n'chakuti zitsanzo zake zinaphikidwira mwana wa ku America. Ntchito yotchedwa Cash imafuna kuti mupeze makobidi ochepetsetsa obwezera chenji pogwiritsa ntchito makobidi a masenti 25, 10, 5 ndi 1, amene ambiri kuno sanawagwirepo. Nzeru yake komabe ndi yomweyo imene kondakitala wa minibasi ya ku Limbe amagwiritsa ntchito akapatsidwa K5,000: amayamba ndi pepala lalikulu limene lingakwane, n'kumatsika mpaka chenji chitakwana. Ophunzira anga ndimawauza kuti akamaliza ntchitoyo monga inafunsidwira, ailembenso ndi mapepala athu a K2,000, K1,000, K500, K200, K100, K50 ndi K20, ndipo pamenepo imakhala yawoyawo. Ntchito ya Readability imayeza kuvuta kwa nkhani ndi njira ya Coleman-Liau, imene inapangidwira Chingerezi, moti mukaiyesa pa Chichewa, chimene mawu ake ndi aatali chifukwa cha kulumikiza maphatikizo, imaonetsa ngati nkhani ya ana ndi ya ku koleji. Izi sizilepheretsa kuphunzira, koma zimafuna kuti wophunzira azidzifunsa yekha kuti mfundo imeneyi kwathu kuno ingagwire pati, chifukwa kosiyo sidzamufunsa.

Pa sabata 6 kosi imasamukira ku Python, ndipo wophunzira amalembanso ntchito zina zimene analemba kale mu C, n'kudabwa kuona kuti zimene zinatenga tsamba lathunthu tsopano zikukwana m'mizere yochepa. Sabata 7 ndi ya SQL, chilankhulo chofunsira mafunso ku database, nkhokwe ya data ya mu kompyuta, ndipo kwa munthu wofuna ntchito ku Blantyre ndinganene mosakayika kuti iyi ndiyo sabata imene idzamudyetse msanga. Mzinda uno ndi likulu la zamalonda: National Bank of Malawi, NBS Bank, FDH Bank ndi First Capital Bank ali ndi malikulu awo kuno, chimodzimodzi TNM, MRA ndi makampani akuluakulu a inshuwalansi, ndipo pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth pali mabungwe ofufuza zaumoyo monga Malawi-Liverpool-Wellcome. Malo onsewa ali ndi milu ya data, ndipo tsiku ndi tsiku pamafunika munthu wotha kutulutsa lipoti lolondola kuchokera m'matebulo angapo. Ntchito ya sabatayi yotchedwa Fiftyville, momwe mumafufuza mbava potsatira zolembedwa za mafoni, za ku banki ndi za maulendo a ndege pogwiritsa ntchito SQL yokha, ndi yosangalatsa ndiponso yofanana kwambiri ndi zimene munthu adzachite akadzafunsidwa kuti apeze kumene ndalama ya kasitomala yasochera pakati pa makina awiri.

Gawo la mawebusaiti, m'masabata 8 ndi 9, ndi limene ndimaliona kuti linathamangitsidwa. HTML, CSS ndi JavaScript zonse zimaunjikidwa mu sabata imodzi, kenaka Flask, chida cha Python chopangira mawebusaiti, sabata yotsatira, ndi ntchito yopanga webusaiti yogulira masheya a makampani a ku America ndi ndalama zongoyerekeza zokwana madola 10,000. Munthu amatulukamo akudziwa mmene msakatuli, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, amalankhulirana ndi seva, kompyuta imene webusaitiyo imakhalapo, koma asanafike potha kupanga webusaiti yoti kasitomala alipire. Eni ake akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake pali kosi ina yotsatira, CS50W, yophunzitsa mozama JavaScript, Django (chida china cha Python chopangira mawebusaiti) ndi Git (chida chosungira mbiri ya zimene zasinthidwa mu code), pamodzi ndi zina za Python ndi SQL paokha.

Kuchonga ntchito kumachitika ndi makina. Mukalemba lamulo la check50, pulogalamu yanu imayesedwa m'njira zingapo, ndipo pa yeso lililonse pamatuluka kankhope komwetulira kobiriwira kapena kankhope kokwinya kofiira, pamodzi ndi zimene makinawo amayembekezera ndi zimene apeza. Ubwino wake ndi wakuti yankho limabwera nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo palibe kukondera. Kuipa kwake n'kwakuti makinawo amangoona zotuluka: code yolembedwa mosokonekera, imene mnzako wa ku ofesi sangaiwerenge osatukwana, imatha kupeza tinkhope tobiriwira tokhatokha. Kuyambira mu 2023 anawonjezera wothandizira wa AI wooneka ngati kabakha, amene anakonzedwa kuti azilozera wophunzira njira m'malo momupatsa yankho lonse, ndipo malamulo a kosiyo amaletsa kugwiritsa ntchito zida zina monga ChatGPT pochita ntchito za sabata ndi sabata. Palibe mlonda woima kumbuyo kwanu, ndipo mayankho a ntchito zonsezi ali mbwee pa intaneti. Koma amene wakopera amadzaonekera pa intavyu, akapatsidwa pepala ndi cholembera kuti afotokoze mmene angapezere nambala yaikulu pa mndandanda, chifukwa ofunsa ambiri amene ndi odziwa ntchitoyi safunsa za satifiketi kupitirira mphindi imodzi.

Tsopano nkhani ya mtengo, imene otamanda kosiyi ali kunja sailabadira. Choyamba ndi bandulo. Mavidiyo a maola awiri, mukawaonera mwachindunji pa YouTube ndi chithunzi chowala kwambiri, amamaliza bandulo ya mlungu musanafike pakati. Mwamwayi tsamba la sabata iliyonse limalola kutsitsa vidiyo ya 360p, mawu okha, zolemba zachidule, ndi mawu onse a mphunzitsi olembedwa, kotero munthu wanzeru amatsitsa zonse kamodzi pamene wapeza Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, n'kugawana ndi anzake pa flash. Chachiwiri n'chakuti malo olembera code amene kosi imapereka, pa cs50.dev, amakhala pa makompyuta a GitHub ndipo mumawafikira kudzera pa msakatuli. Izi zimathandiza amene ali ndi laputopu yofooka, popeza ntchito yolemetsa imachitikira kutali, koma netiweki ikangodukiza, kulemba kumaima. Amene akukhala kumene netiweki ndi yovuta achite bwino kuika Linux kapena WSL, njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows, pa kompyuta yake n'kumalembera pomwepo, n'kulumikiza pa intaneti pa nthawi yochonga ndi yopereka ntchito yokha. Kuika zimenezi kumavuta tsiku loyamba, koma ndi luso limene adzalifune ku ntchito.

Chachitatu ndi magetsi ndi chipangizo. Kosiyi siichitika bwino pa foni. Mavidiyo mungaonere, koma kulemba C pa kiyibodi ya foni n'kudzizunza. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu umene umagulitsidwa m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni, imakwanira, bola ikhale ndi RAM ya 8GB ngati n'kotheka, ndipo pogula muyese batire kuposa china chilichonse, chifukwa magetsi akazima madzulo, batire ndiyo imagamula ngati muphunzira kapena mugona. Chachinayi, chimene ambiri sachitchula, ndi Chingerezi. Malan amalankhula mothamanga kwambiri, m'kalankhulidwe ka ku America, ndipo mwana amene waphunzira ku sekondale yoyendera akhoza kutayika m'mphindi zoyambirira, osati chifukwa chakuti mfundoyo yamukanika koma chifukwa khutu silinazolowere. Mankhwala ake ndi kuyatsa mawu olembedwa pansi pa vidiyo ndi kuchepetsa liwiro lake, ndipo pakapita masabata angapo khutu limatseguka.

Za satifiketi zili pawiri. Mukapeza osachepera 70 pa 100 pa ntchito iliyonse ndiponso pa pulojekiti yomaliza, CS50 imakupatsani satifiketi yake yaulere. Palinso ina yolipira ya edX, imene imatsimikizira kuti munthuyo ndi inuyo, ndipo imalipidwa m'madola. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pambuyo pa kugwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kumachititsa kuti kulipira pa intaneti ndi khadi kukhale kovuta, sindilangiza aliyense kuvutikira satifiketi yolipirayo. Maphunziro ndi amodzimodzi, ndipo ndalamayo ingagule bandulo ya miyezi ingapo.

Apa ndiyenera kunena mosabisa chimene chimakhumudwitsa ambiri: dzina la Harvard pa pepala limenelo silitsegula chitseko cha banki kapena cha boma. Werengani malonda a ntchito mu The Nation kapena The Daily Times, mudzaona kuti ambiri amafuna digiri ya sayansi ya makompyuta kapena ya ICT, ndi zaka zingapo zogwira ntchito, ndipo amene amasankha makalata poyamba ndi a ofesi yolemba anthu ntchito, amene amangoyang'ana ngati digiriyo ilipo. Choncho amene ali ndi mwayi wolowa ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic isanaime payokha mu 2021, kapena ku MUST ku Thyolo, ku UNIMA ku Zomba, ngakhalenso kuyamba ndi dipuloma ku NACIT, asasiye mwayiwo poganiza kuti kosi ya pa intaneti ilowa m'malo mwake. CS50 imagwira bwino ntchito ikakhala pambali pa maphunzirowo, kapena pa miyezi imene mwana akudikira zotsatira za mayeso ndi kusankhidwa. Kwa amene njira ya ku yunivesite inatsekeka, khomo lilipo koma ndi lina: makampani ang'onoang'ono opanga mapulogalamu, mabungwe omwe si aboma amene amafuna wokonza mafomu otolera data, maganyu opangira masukulu ndi mashopu mawebusaiti, ndi ntchito za makampani akunja zogwirira kunyumba. Kumeneko funso limakhala lakuti tionetseni chimene munapanga.

Palinso kusiyana pakati pa zimene kosi imaphunzitsa ndi zimene maofesi a kuno amagwiritsa ntchito. Mabanki ndi makampani a mafoni amagula makina awo akuluakulu kunja, ndipo ntchito ya wolemba mapulogalamu wa kuno nthawi zambiri imakhala yolumikiza makinawo ndi ena, kukonza malipoti ndi kupanga timapulogalamu ta mkati, kawirikawiri mu Java kapena C#. Makampani ang'onoang'ono amakonda PHP ndi Laravel kapena JavaScript, ndipo a mapulogalamu a pa foni ambiri atengeka ndi Flutter. Ku zaumoyo kuli pulogalamu yosonkhanitsira data yotchedwa DHIS2, imene inachokera ku yunivesite ya Oslo ndipo unduna wa zaumoyo umaigwiritsa ntchito, komanso mapulogalamu osungira mbiri za odwala amene anayambitsidwa ndi Baobab Health Trust, olembedwa mu Ruby on Rails. Palibe chimodzi mwa izi chimene CS50x imaphunzitsa. Sindiitenga ngati mlandu waukulu, chifukwa munthu amene wamvetsa C, Python ndi SQL amatola chilankhulo chachinayi m'masabata ochepa. Chimene ndimadandaula nacho kwambiri n'chakuti wophunzira amatha kumaliza kosi yonse asanagwirepo ntchito ndi munthu wina pa code imodzi, asanaphunzire Git mokwanira, ndiponso asanawerengepo pulogalamu yaikulu yolembedwa ndi wina amene anachoka kalekale, pamene izi ndi zimene zimamudikira sabata yoyamba ya ntchito.

N'chifukwa chake pulojekiti yomaliza ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa satifiketi. Kosi imakupatsani ufulu wopanga chilichonse, n'kupereka code, kufotokoza kwake, ndi vidiyo yosapitirira mphindi 3. Ambiri amapanga kandandanda ka zochita tsiku ndi tsiku kapena kamasewero, zinthu zimene wofunsa pa intavyu waziona kambirimbiri. Wophunzira wa ku Blantyre ali ndi mavuto enieni pakhomo pake: banki m'khonde imene imalemba masheya ndi ngongole m'kope, sukulu yapulaiveti imene imasokoneza malisiti a fizi, hadiweya ya ku Limbe imene siidziwa katundu wotsala mpaka atatha. Mtsikana wina amene ndinamuthandiza anapangira gulu la banki m'khonde la amayi ake pulogalamu yowerengera chiwongoladzanja ndi zimene aliyense adzalandire pogawana, ndipo chimene chinamuphunzitsa kwambiri si code ayi, koma tsiku limene amayiwo anamuuza kuti ambiri mwa iwo ali ndi mafoni a mabatani. Anayenera kuganizanso zonse, n'kuyamba kufufuza za USSD, njira yomweyo imene timagwiritsa ntchito tikaimba *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba kapena *626# pa Mo626. Munthu amene angafotokoze nkhani yotere pa intavyu, n'kuonetsa code yake pa GitHub, amasiyana kutali ndi amene wangobweretsa pepala.

Poyerekeza ndi zina zaulere, freeCodeCamp, imene Quincy Larson anayambitsa mu 2014, imadya bandulo yochepa chifukwa zambiri ndi zowerenga ndi kulemba pa msakatuli, ndipo imafikitsa msanga pa mawebusaiti, koma imamugwira dzanja wophunzira kwambiri moti ena amamaliza magawo ambiri osatha kuyamba pulogalamu pa tsamba lopanda kanthu. The Odin Project imakakamiza kuika zida pa kompyuta yanu ndi kugwiritsa ntchito Git kuyambira pachiyambi, ndipo ndi imene ndimaiona yoyenera kutsatira munthu akamaliza CS50x ngati cholinga chake ndi mawebusaiti. Makalasi olipira a m'tauni muno ali ndi chinthu chimodzi chimene zonsezi zilibe, ndicho mphunzitsi woti umufunse m'Chichewa ndi anzako okhala nawo pa benchi, koma musanalipire funsani kuti muone mapulogalamu amene ophunzira akale anapanga, osati zithunzi za tsiku lolandira masatifiketi.

Pa ophunzira amene ndawaona, ambiri osiyira panjira amagwa pakati pa sabata 3 ndi sabata 5, ndipo pafupifupi onse amakhala amene ankachita okhaokha. Amene anamaliza ankakumana awiri kapena atatu Loweruka, wina kubweretsa mavidiyo pa flash, wina kufotokozera mnzake mfundo imene yamuvuta, aliyense n'kukalemba code yake payekha monga malamulo a kosi amanenera. Masabata 11 amene ali pa ndandanda ndi a wophunzira amene alibe ntchito ina. Wogwira ntchito masana ayembekezere miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo asadabwe sabata ya memory ikamutengera mwezi wathunthu. Amene akufuna kudziyesa asanagule laputopu angabwereke ya mnzake n'kuchita sabata 0 ndi sabata 1 zokha, mpaka ntchito ya Mario, yomanga makwerero a zizindikiro za # pa sikirini. Ngati atalimbana nayo madzulo awiri akufunabe kudziwa chifukwa chake makwererowo akupendekera kumanzere m'malo mwa kumanja, ndiye kuti ndalama ya laputopu angayambe kuisunga.